Kasupe wa Madzi Otentha M'mbali mwa Msewu: Chiyambi Chake, Eni Ake ndi Udindo wa Mlendo

Kasupe wa madzi otentha ndi malo amene madzi amatumphuka okha kuchokera pansi pa nthaka ali otentha kuposa madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje ya dera lomwelo, ndipo kutenthako sikusintha kwenikweni kaya ndi m'dzinja, m'chisanu kapena m'chilimwe. M'dziko la Zambia akatswiri a za miyala anawerenga akasupe otere oposa 80, ndipo lipoti limene C. A. Legg analemba mu 1974 m'nthambi ya boma yofufuza za miyala ndi limene ofufuza ambiri amayambirapo mpaka lero. Anthu a ku Vubwi, Katete ndi Sinda, amene maboma awo ali kumtunda pamwamba pa matanthwe akalekale, amakumana ndi akasupe otchuka a mtunduwu makamaka ali pa ulendo, kaya potsikira ku chigwa cha Luangwa kapena popita ku Lusaka pa msewu wa Great East, umene umadutsa pafupi ndi kasupe wa Chinyunyu. Motero kwa iwo nkhani ya kasupe wotentha ndi nkhani ya mlendo, munthu amene amaima kanthawi kochepa pamalo amene ena amakhalapo moyo wawo wonse.

Kuyandikira kwa msewu kumathandiza chifukwa wokalamba, wodwala ndi mwana wa sukulu amafikapo osayenda mtunda wautali, koma kumasocheretsanso, pakuti chinthu chimene munthu wachipeza mosavutika amachiyesa chopanda mwini ndiponso chopanda ngozi. Kasupe wa m'mbali mwa msewu amakhala ndi eni ake angapo nthawi imodzi, madzi ake angathe kutonthoza thupi kapena kulivulaza, ndipo malo ake amadalira nkhalango yomuzungulira, imene wapaulendo saiganizira n'komwe.

Kumene kutentha kumachokera

Anthu ambiri akaona nthunzi ikufuka pansi amaganiza kuti pafupi pali moto kapena chiphalaphala cha phiri lophulika, monga zilili ku Iceland, Japan ndi New Zealand. Akasupe a ku Zambia sali choncho, popeza dzikoli lilibe mapiri ophulika amoyo, ndipo madzi ake ndi a mvula wamba imene inagwa pamapiri n'kulowa pansi. Chimene chimawatenthetsa ndi kuya kokha, chifukwa pansi pa dziko pamatentha, ndipo m'malo ambiri kutenthako kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene munthu watsika, chinthu chimene amuna ogwira ntchito m'migodi yakuya ya ku Copperbelt ndi ku Joni amachidziwa ndi thukuta lawo. Madzi amene afika makilomita awiri pansi angathe kutentha madigiri 70 kapena 80 popanda moto wina uliwonse.

Kuti madzi atsike kuya kotero n'kubwereranso pamwamba pamafunika njira, ndipo njirayo ndi ming'alu ikuluikulu ya m'matanthwe, pamene mbali ina ya thanthwe inasuntha n'kusiyana ndi inzake. Chigwa cha Luangwa, monganso zigwa za Nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, chinapangika pamene nthaka inatitimira pakati pa ming'alu yotere, n'chifukwa chake akasupe otentha ambiri amandandalika m'mphepete mwa zigwazi, m'munsi mwa mapiri. Madzi ozizira a kumtunda amakankha ndi kulemera kwawo, pamene otenthawo, pokhala opepukirapo, amakwera m'mng'alu. Akakwera msanga amafika pamwamba akadali otentha kwambiri, koma akachedwa, kapena akasakanikirana ndi madzi ozizira a pafupi ndi pamwamba, amafika ali ofunda chabe, ndipo izi n'zimene zimachititsa kuti kasupe wina akhale wosambamo pamene mnzake angasupule khungu.

Pa ulendowu madzi amasungunula mchere wosiyanasiyana wa m'miyala, umene umaoneka ngati ufa woyera wouma m'mbali mwa kasupe, ndipo fungo la mazira ovunda limene limamveka pa akasupe ambiri limachokera ku mpweya wa sulufule. Pa akasupe ambiri amene anayezedwa padziko lapansi zinapezeka kuti ulendowu umatenga zaka mazana kapena zikwi, kotero kuti madzi amene munthu akusamba lero angakhale a mvula imene inagwa agogo a agogo ake asanabadwe. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo pa kasupe wotentha khwawalo lili pansi, kumene diso silifika.

Akasupe amene wapaulendo amakumana nawo

Kasupe wa Chinyunyu ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kum'mawa kwa Lusaka, m'boma la Rufunsa, m'dera la Mfumu Bunda Bunda ya Asoli. Wochokera ku Katete kapena ku Sinda amafikapo atawoloka mlatho wa Luangwa, atakwera mapiri okhotakhota n'kudutsa Rufunsa, asanalowe Chongwe. Madzi ake amatentha pafupifupi madigiri 60 pamene akutulukira. M'mamawa wa June ndi July, mpweya ukazizira, nthunzi imaoneka bwino, pamene masana a October sioneka kwenikweni ngakhale madzi ali otentha chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene mlendo amanyengeka n'kupisa dzanja poyesa kuti azizira. Monga zimakhalira pa akasupe onse otere, madziwo amazizira pang'onopang'ono pamene akuyenda m'kamfuleni, moti eni dera amadziwa bwino pamene angachapire, pamene angasambire ndi pamene mwana sayenera kuyandikira.

Ku chigwa cha Luangwa kuli chitsanzo cha mtundu wina. M'dera la Nsefu, limene ndi gawo la malo osungirako nyama a South Luangwa kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje, madzi otentha amatumphuka pachidikha n'kusiya mchere panthaka, ndipo m'chilimwe nyama zimabwera kudzamwa ndi kudzanyambita mcherewo, pamodzi ndi magulu a mbalame zazitali miyendo zokhala ndi nthenga ngati chisoti pamutu. Derali ndi lomwe Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kuti lipatulidwe kuti alendo aziona nyama, ndipo South Luangwa inakhala paki ya dziko mu 1972. Kumeneko kasupe si wosambamo, pakuti kumene kwasonkhana nswala ndi mbidzi mkango sukhala patali, ndipo mlendo amaonerera ali m'galimoto kapena ali ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti.

Kumpoto, pafupi ndi Shiwa Ng'andu m'chigawo cha Muchinga, kasupe wa Kapishya amatentha pafupifupi madigiri 40, mlingo woti munthu n'kukhalamo, ndipo ali pamalo a eni ake amene amalipiritsa alendo. Kumwera, m'paki ya Lochinvar pafupi ndi Monze, akasupe a Gwisho amatentha kuyambira madigiri 60 mpaka cha m'ma 90, ndipo ofukula zakale amene anakumba kumeneko m'zaka za m'ma 1960 anapeza manda ndi zida za alenje amene ankakhala m'mbali mwa akasupewo zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, kasupe wa Chiweta m'boma la Rumphi ali pafupi ndi msewu wa M1 ndipo amatentha pafupifupi madigiri 80, pamene ku Nkhotakota dzina lakuti Mawira, lochokera ku mawu akuti kuwira, likusonyeza momwe makolo anaonera madziwo. Malo amenewa akusiyana kutentha, koma akusiyananso pa funso lakuti mlendo apemphe chilolezo kwa yani.

Eni ake a kasupe ndi nkhalango

Malinga ndi lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, koma malo a makolo amayang'aniridwa ndi mafumu, monga Mfumu Pembamoyo ku Vubwi, ndi Mfumu Kawaza ndi Mfumu Mbang'ombe ku Katete, amene amagwada kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Kasupe akakhala m'nkhalango ya boma, pamalowa lamulo la nkhalango la 2015, limene limasiyanitsa nkhalango za dziko, zosungidwa chifukwa cha phindu la dziko lonse makamaka poteteza magwero a mitsinje, ndi nkhalango za m'dera, zosungidwa poganizira zosowa za anthu oyandikana nazo. Lamuloli limaletsa kulowa m'nkhalango ya dziko popanda chilolezo, koma limapatula munthu amene akungodutsa pa msewu wa boma kapena m'njira imene eni dera amayendamo nthawi zonse. Tanthauzo lake ndi lakuti msewu umapatsa munthu ufulu wodutsa, koma ufulu wodula nkhuni, kusonkha moto kapena kumanga msasa m'nkhalangomo umafuna chilolezo cha nthambi ya za nkhalango. Lamulo lomweli linatsegulanso mwayi woti anthu a m'midzi apange gulu lovomerezeka loyang'anira nkhalango yawo ndi kupindula nayo.

Kasupe akakhala m'paki, amayang'aniridwa ndi nthambi ya za mapaki ndi nyama zakutchire pansi pa lamulo la 2015 la nyama, ndipo mlendo amalipira pachipata. Madzi enieniwo ali pansi pa lamulo la madzi la 2011 ndi bungwe la WARMA, limene silifuna chilolezo kwa wotunga madzi a pakhomo koma limachifuna kwa wofuna kuchita nawo malonda. Palinso bungwe la National Heritage Conservation Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1989, limene limateteza malo a chilengedwe ndi a mbiri yakale ndipo limaletsa kuchotsa zinthu zakale pamalo otere. 

Malamulo olembedwawa anapeza lamulo lina lakale lili kale pamalo. Achewa sadula mitengo ya kumanda, salowa kudambwe ngati sanavinidwe, ndipo mbiri ya Makewana ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, imasonyeza kuti dziwe, nkhalango ndi mvula zinkaonedwa ngati nkhani imodzi yokhala ndi oisunga. M'midzi yambiri ya ku Vubwi ndi Katete, kumene minda ya chimanga, fodya, soya ndi mtedza yatenga malo a tchire, nkhalango ya kumanda ndiyo imatsala yokha ndi mitengo yake ikuluikulu. Akasupe otentha ambiri nawonso ali ndi miyambo ya eni dera, monga malo osiyana osambira amuna ndi akazi kapena malo othirira nsembe, ndipo popeza miyamboyi silembedwa pachikwangwani, njira yoidziwira ndi kufunsa nyakwawa kapena woyang'anira pamalopo. Safunsa anadya phula.

Mgwirizano wa nkhalango ndi kasupe uyenera kufotokozedwa mosakokomeza. Mitengo ya miombo, monga mombo, mtondo ndi msuku, pamodzi ndi masamba ake ofolera pansi, imachepetsa liwiro la mvula kuti madzi alowe m'nthaka m'malo mothamangira kukhwawa. Popeza madzi akuya amayenda zaka zambiri, kudula mitengo lero sikuumitsa kasupe wotentha chaka chamawa, ndipo kuchedwa kumeneku n'koopsa chifukwa amene wawononga saona zotsatira zake. Zimene zimaoneka msanga ndi za pamwamba, monga matope ndi mchenga zokokoloka zimene zimakwirira diso la kasupe, kuphwa kwa timifuleni tozizira timene tinkasakaniza madzi kuti asambike, ndi kutha kwa mthunzi. Matumba a makala ondandalika m'mbali mwa msewu pakati pa Luangwa ndi Chongwe ndi umboni wa chiwerengero chimene chakhala chikutchulidwa kawirikawiri, chakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka.

Zimene madzi otentha amachita m'thupi

Chikhulupiriro chakuti madzi otentha amachiza chili ponseponse padziko, ndipo chili ndi mbali ina yoona. Madzi a madigiri 37 mpaka 40, amene ndi ofanana kapena opitirira pang'ono kutentha kwa thupi, amamasula minofu ndi kuchepetsa ululu wa nyamakazi ndi msana kwa kanthawi, ndipo sulufule wakhala akuikidwa m'mankhwala opaka a matenda ena a pakhungu kuyambira kale. Koma madziwa sachiza chifuwa chachikulu, HIV, khansa kapena matenda a shuga, ndipo ngozi yaikulu imagwera wodwala amene wasiya mankhwala a kuchipatala podalira chigubu cha madzi a pakasupe.

Ngozi ya pafupi kwambiri ndi kupsa, pakuti madzi a madigiri 60 amawotcha khungu kwambiri m'masekondi ochepa chabe, ndipo khungu la mwana, pokhala lopyapyala, limapsa msanga kuposa la wamkulu. Wodwala shuga amene mapazi ake anachita dzanzi angapse osamva, wodwala khunyu angagwe m'madzi, ndipo woledzera amalephera kuzindikira kutentha ndi kudzuka msanga. Ngakhale madzi osapsereza, munthu akakhalitsamo mitsempha ya magazi imatakasuka, moti poimirira amachita chizungulire kapena kukomoka, n'chifukwa chake amalangizidwa kutuluka pakatha mphindi 15 kapena 20, ndipo amayi oyembekezera ndi odwala mtima amalangizidwa kupewa madzi otentha kwambiri. Wopsa ayenera kuthiridwa madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osaphulitsa matuza, osapaka mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, kenaka n'kupita naye kuchipatala.

Kumwa madziwa kuli ndi vuto lake, chifukwa akasupe otentha ambiri a m'zigwa za ming'alu ali ndi mchere wotchedwa fluoride wochuluka kuposa mlingo wa mamiligalamu 1.5 pa lita umene bungwe la World Health Organization limavomereza. Ana amene amamwa madzi otere kwa zaka amachita mawanga ofiirira m'mano, ndipo mcherewo ukachulukitsa umalimbitsa mafupa ndi mfundo molakwika, komanso kuwiritsa madzi sikuuchotsa. M'madzi ofunda mumathanso kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, kamene matenda ake anafotokozedwa koyamba ku Australia mu 1965. Kachilomboka kamalowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo, ndipo ngakhale matendawa ndi osowa kwambiri, pafupifupi onse owadwala amamwalira, choncho wosamba sayenera kumiza mutu. Kumunsi, kumene madzi azizira n'kuima m'maiwe, nkhono zofalitsa likodzo zingathe kukhalamo monga m'dambo lina lililonse, pakuti kutentha kwa pa diso la kasupe sikuyeretsa madzi a patali.

Chuma chimene chili m'madziwa

Kutentha kwa pansi pa nthaka kungathe kupukusa makina opangira magetsi, ndipo Kenya, imene inatsegula malo ake oyamba ku Olkaria mu 1981, imapeza gawo lalikulu la magetsi ake m'njira imeneyi. Zambia inayesapo mu 1986, pamene dziko la Italy linathandiza kuika makina awiri ang'onoang'ono pa akasupe a Kapisya pafupi ndi Nsumbu, m'mphepete mwa Nyanja ya Tanganyika, amene ndi osiyana ndi Kapishya wa ku Shiwa Ng'andu, koma makinawo sanagwire ntchito imene anawaikira. Patapita zaka, kampani ya Kalahari GeoEnergy inaboola zitsime zofufuzira ku Bweengwa, pafupi ndi Lochinvar. Chidwi pa nkhaniyi chinakula ndi chilala cha 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika ndipo dziko lodalira mitsinje pa magawo oposa 80 mwa 100 a magetsi ake linakhala mumdima maola ambiri patsiku. Komabe kuboola kuli ndi mtengo wake, monga zinaonekera ku Wairakei ku New Zealand, kumene malo opangira magetsi otsegulidwa mu 1958 anachititsa kuti akasupe ofwamphuka a pafupi aleke kutumphuka.

Palinso chuma chimene mlendo amachiponda osachidziwa. Ndere zobiriwira, zachikasu ndi zofiirira zomata pamiyala ya m'kamfuleni kotentha ndi tizamoyo tating'onoting'ono tokonda kutentha, ndipo mtundu uliwonse umakhala pa mlingo wake wa kutentha, moti kusintha kwa mitundu kumasonyeza kumene madzi akuzizira. Kamodzi mwa tizamoyo totere, Thermus aquaticus, kamene Thomas Brock anakapeza m'akasupe a ku Yellowstone n'kukafotokoza mu 1969, ndi kamene kanapereka chipangizo chofunika pa njira yoyezera ya PCR, imene zipatala zimagwiritsa ntchito poyeza HIV mwa makanda ndiponso poyeza COVID-19. Sopo, mafuta a galimoto ndi mapazi opondaponda zimawononga ndere zimenezi m'kanthawi kochepa.

Udindo wa mlendo

Kuchokera pa zonsezi, khalidwe loyenera mlendo limadziwika lokha. Iye amaimika galimoto kutali ndi phula ndi pokhota, popeza msewu wa Great East umadutsa malole ndi mabasi othamanga, ndipo amayamba wapereka moni ndi kufunsa amene akuyang'anira malowo. Kumene kuli malipiro amalipira n'kupempha lisiti, chifukwa lisiti ndi imene imathandiza kuti ndalama ikafike kumene iyenera kufika ndi kuti eni dera aone phindu losunga malowo. Amayesa madzi kuyambira kumunsi kupita kumtunda, atagwira mwana padzanja, amasambira sopo patali ndi kamfuleni atatunga madzi m'ndowa, sajambula anthu akusamba, sadula mtengo kuti awotchere nyama, ndipo mabotolo ndi mapepala ake amabwerera nawo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma galasi losweka limene wasiya m'madzi limadikira phazi la mwana wa pamudzipo kwa zaka.

Wapaulendo wa ku Vubwi akabwerera kwawo amapeza nkhani yomweyi pa akasupe ozizira a kumutu kwa madambo, amene amathirira madimba a tomato, kabichi ndi nzimbe m'chilimwe. Akasupe amenewa nawonso ndi mvula yolowa pansi kudzera m'nkhalango za m'mapiri, koma ulendo wawo ndi waufupi, wa miyezi kapena zaka zochepa, kotero kuti phiri likametedwa chifukwa cha makala, nkhuni zoumitsira fodya kapena maenje a okumba golide, dambo la m'munsi mwake limaphwa amene anadula mitengoyo akadali moyo, ndipo amayi a m'mudzi womwewo ndi amene amayamba kulawirira m'bandakucha kukafuna madzi kutali.